Khofi Saŵiritsidwa Pamoto

Madzulo ano ndifuna kulankhula za khofi, chakumwa chimene ambiri a ife timachikana ponena kuti nchoŵaŵa. Ine ndikuti kuŵaŵako kaŵirikaŵiri sikuchokera kumunda ai, kumachokera m'khitchini mwathu.

Khofi si mlendo m'Malaŵi muno. Mbande zoyamba zinafika ku Mishoni ya Blantyre m'chaka cha 1878 kuchokera ku Edinburgh, ndipo lero alimi a ku Misuku, ku Phoka ndi ku Viphya amalima arabika, mtundu wokonda mapiri ozizira. Mlimi amadikira zaka zitatu kapena zinai kuti mtengo ubale, kenaka nkumathyola ndi manja zipatso zofiira zokhazokha. Tsono ife thukuta lonselo timaliononga m'mphindi khumi, pothira khofi mumphika nkumusiya abwate pamoto. Akabwata chotero, fungo lokoma limapita ndi nthunzi, ndipo m'kapu mumatsala kuŵaŵa kokha.

Chitani motere. Madzi akaŵira, aphuleni, mudikire theka la mphindi kuti ukali wao uchepe. Kutentha koyenera ndi madigiri 90 mpaka 96. Pa lita imodzi ya madzi pamafunika magalamu 60 a khofi, ndiko kuti masupuni aakulu aŵiri pa kapu iliyonse. Ikani khofiyo m'tipoti, thirani madzi, takasani kamodzi, vundikirani, ndipo pakatha mphindi zinai sefani ndi kansalu koyera. Musapitirire pamenepo poganiza kuti akoma koposa.

Amene muli ndi khofi wokazinga wosapera, muli ndi mwai. Sinjani wokwanira tsiku lomwelo, pakuti akasinjidwa sachedwa kutha fungo. Asasalale ngati ufa woyera. Akhale wamiseche pang'ono, monga mgaiwa. Koma chonde, asakhale mtondo umene dzulo munasinjiramo nsinjiro kapena tsabola! Khofi amakoka fungo la chilichonse chimene ayandikana nacho, nchifukwa chake pomusunga pamafunika chitini chotseka bwino, kutali ndi chinyezi, sopo, parafini ndi usipa.

Wotsala m'tipoti musamutenthetsenso. Bola kukonza wochepa. Ndipo maŵa m'maŵa, musanathire shuga ndi mkaka, yambani mwalaŵa kaye. Mwina mupeza kuti masupuni atatu a shuga aja sakufunikanso.