Tisanasamuke pa imelo yakale, tiyambe tatuta makalata athu

Awa ndi mawu amene mneneri wa khonsolo adayankhula kwa anthu a m'wodi pa msonkhano wa komiti ya chitukuko cha m'dera.



Pa misonkhano yotere tidazolowera kukamba za mijigo, milatho ndi midadada ya sukulu. Lero ndikamba za makalata amene amayenda pa imelo pokonza ntchito zimenezi. Kalata yopempha thandizo, yankho la bungwe lothandiza, mitengo imene ogulitsa simenti adatumiza, lipoti la mmene ntchito ikuyendera, zithunzi za maziko ndi malisiti, zambiri mwa izi masiku ano zimafika pa imelo ndipo zimakhala komweko osasindikizidwa pa pepala. Makomiti ambiri, magulu a alimi ndi mabungwe a m'midzi akusintha ma adiresi awo. Ena akuchoka pa Yahoo kupita pa Gmail, ena akusiya adiresi ya mlembi n'kutsegula ya gulu lonse, ndipo ena adapatsidwa adiresi ndi bungwe limene ntchito yake ikutha. Kusinthaku n'kwabwino. Pempho langa ndi lakuti musanachoke pa adiresi yakale, mukopere makalata onse ndi kuwasunga pa chipangizo chimene chili m'manja mwanu.

Tiyambe ndi funso lakuti makalatawa amakhala kuti. Mukatsegula imelo pa foni kapena pa kompyuta, zimaoneka ngati mauthengawo ali m'chipangizo chanucho. Chenicheni n'chakuti ali m'makompyuta akuluakulu a kampani imene idakupatsani adiresiyo, monga Google, Yahoo kapena Microsoft. Foni imangokuonetsani zimene zili kumeneko, ndipo kawirikawiri imasunga mauthenga a posachedwapa okha. Mukatsegula adiresi ku kampani ina, mumalowa m'nyumba yopanda katundu. Makalata akale satsatira okha. Amatsala komwe adali mpaka tsiku limene mwini nyumbayo adzatseke chitseko. Makolo adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Chitsekocho chimatsekeka m'njira zingapo. Kuyambira mu Disembala 2023, kampani ya Google ili ndi mphamvu yofafaniza akaunti imene yatha zaka ziwiri mwini wake osalowamo, pamodzi ndi makalata ndi zithunzi zonse. Ku Yahoo, bokosi la makalata limene latha miyezi 12 osatsegulidwa likhoza kukhuthulidwa. Ngati adiresi mudapatsidwa ndi bungwe kapena kuntchito, amene amayang'anira makompyuta a kumeneko akhoza kuitseka tsiku lomwelo limene mgwirizano watha, ndipo sakakamizika kukudikirani. Palinso njira ina imene imavutitsa makomiti kwambiri. Pasiwedi ikaiwalika, kampani imatumiza nambala yotsimikizira ku foni imene idalembetsedwa potsegula akauntiyo. Ngati simu khadiyo idatayika, kapena mwini wake adasamukira ku Johannesburg, makalata amakhala alipo ndithu koma popanda wowafikira.

Mwina wina angafunse kuti kalata ya zaka zitatu zapitazo ili ndi ntchito yanji. Ili ndi ntchito tsiku limene owerengera ndalama za boma abwera kudzafunsa chifukwa chimene komiti idasankhira kontilakitala uyu osati uja. Ili ndi ntchito pamene bungwe lothandiza likunena kuti lidalonjeza matumba a simenti ochepa kuposa amene inu mukukumbukira. Ili ndi ntchito pamene komiti yatsopano yalowa, ndipo anthu ayamba kunong'onezana kuti yakale idadya ndalama. Munthu wosalakwa amene alibe umboni amavutika mofanana ndi wolakwa. Lamulo la dziko lino la 2016 lokhudza zochitika pa makina a intaneti limavomereza mauthenga otumizidwa pa makinawa ngati umboni. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza mauthenga, limene lidayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, limapatsa nzika mphamvu yofunsa mmene ndalama za chitukuko zidayendera, koma chimene chidafafanizika palibe amene angachipereke. Boma lili ndi nyumba yosungiramo zikalata zake ku Zomba pa chifukwa chomwechi. Komiti nayonso iyenera kukhala ndi nkhokwe yake.

Tsopano ndifotokoze mmene ntchitoyi imagwiridwira. Imafuna kompyuta kapena laputopu, popeza pa foni pokha zambiri sizitheka bwino.

Ngati makalata ofunika ali ochepa, mwina makumi awiri kapena atatu, tsegulani kalata iliyonse, musankhe "Print", ndipo pamalo posankha makina osindikizira musankhe "Save as PDF". Fayilo imene ituluke imatseguka pa foni ndi pa kompyuta iliyonse, ndipo imaonetsa wotumiza, wolandira ndi tsiku. Dziwani kuti PDF imatenga mawu a kalata okha. Mafayilo amene adamatidwa ku kalatayo, monga malisiti, zithunzi kapena mapepala a bajeti, muyenera kuwakopera paokha. Fayilo iliyonse muipatse dzina loyamba ndi chaka, mwezi ndi nkhani yake, kuti wobwera m'mbuyo mwanu asadzavutike kuifunafuna.

Ngati makalata ali mazanamazana ndipo adiresi yanu ndi ya Gmail, kampani ya Google ili ndi njira yotchedwa Google Takeout. Mukalowa kumeneko mudzaona mndandanda wa zinthu zonse zimene Google imakusungirani. Chotsani chizindikiro pa zonsezo, musiye pa "Mail" ndi pa "Contacts" pokha, kenako mupemphe kuti akukonzereni mtolo. Mtolowo utha kutenga maola angapo, nthawi zina masiku, ndipo ukakonzeka amakutumizirani uthenga wokhala ndi linki. Linkiyo imagwira ntchito pafupifupi sabata imodzi, choncho musazengereze. Makalata amabwera m'fayilo ya mtundu wa MBOX, imene siitseguka ngati kalata wamba ya Word. Imafuna pulogalamu yowerengera maimelo.

Pulogalamu yotereyi ilipo yaulere, dzina lake Thunderbird, ndipo ndi yomwenso imathandiza amene ali pa Yahoo, pa Outlook.com kapena pa adiresi ya bungwe. Mukaiika pa kompyuta ndi kulowetsa adiresi yanu, imalumikizana ndi kampaniyo kudzera m'njira yotchedwa IMAP, n'kukuonetsani mafoda anu onse. Apa ndi pamene ambiri amanyengeka, choncho ndikupempha kuti mumvetsere. IMAP imagwira ntchito ngati kalilole. Chimene chili ku kampani ndi chimene chimaoneka pa kompyuta yanu, ndipo chikafafanizika kumeneko chimazimiririkanso kwa inu. Kuona makalata mu Thunderbird sikutanthauza kuti mwawasunga. M'munsi mwa mndandanda wa mafoda muli gawo lolembedwa "Local Folders". Tsegulani foda yatsopano m'gawo limenelo, musankhe makalata onse, ndipo muwakopere kumeneko. Sankhani "Copy", osati "Move", kuti akale akhalebe pamalo pake mpaka mutatsimikiza. Zimene zili mu "Local Folders" zili mu kompyuta yanu yeniyeni, ndipo kutsekedwa kwa adiresi sikungazikhudze. Amene amagwiritsa ntchito pulogalamu ya Outlook ya m'maofesi akhoza kutulutsa makalata onse m'fayilo imodzi ya mtundu wa PST.

Pokopera, musaiwale foda ya "Sent". Anthu ambiri amasamala za makalata amene adalandira, koma pa mkangano chimene chimafunika kawirikawiri ndi umboni wakuti inuyo mudatumiza lipoti pa nthawi yake. Musaiwalenso mndandanda wa ma adiresi a anthu amene mumalemberana nawo, umene umatuluka m'fayilo ya CSV kapena vCard ndipo umalowetsedwa mosavuta ku adiresi yatsopano.

Ndikudziwa kuti bandulo ndi yodula ndiponso magetsi sadalirika. Akaunti yaulere ya Gmail imasunga mpaka 15 GB, ndipo kukopera zonsezo pa bandulo ya foni kukhoza kutha thumba la komiti. Yambani mwaona kukula kwa bokosi lanu. Fafanizani mauthenga otsatsa malonda ndi makanema amene sakukhudza ntchito, kapena musankhe mafoda ofunika okha. Laputopu ikhale yodzaza moto musanayambe, chifukwa fayilo imene yadukira panjira imaoneka ngati ilipo koma siitseguka.

Mukatha kukopera, yesani. Zimitsani intaneti pa kompyutayo, kenako mutsegule nkhokwe yanu. Funani kalata yakale kwambiri imene mukuikumbukira, ndiponso ya sabata yatha. Tsegulani mafayilo omatidwa atatu kapena anayi kuti muone ngati akuwerengeka. Yerekezani chiwerengero cha makalata m'foda yakale ndi chiwerengero cha m'foda yatsopano. Ngati zikusiyana kwambiri, bwerezani ntchitoyo adiresi yakale idakali yotsegula. Ntchito yoyesayi ichitike pamaso pa anthu awiri a m'komiti, ndipo ilembedwe m'maminitsi.

Nkhokwe imodzi sikwanira. Laputopu imabedwa, imagwa, imapsa magetsi akabwera mwamphamvu. Namondwe wa Freddy atawomba m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, madzi adatenga nyumba pamodzi ndi mabuku ndi zipangizo zimene zidali m'menemo. Choncho mukopere nkhokweyo pa fulashi, ndipo fulashiyo isungidwe ku nyumba ina, mwina kwa msungichuma ngati laputopu ili kwa mlembi. Amene akugwiritsa ntchito Thunderbird apemphe wodziwa makompyuta kuti awaonetse foda imene pulogalamuyi imasungiramo makalata, chifukwa ndi imeneyo iyenera kupita pa fulashi. Fulashi imeneyi isakhale yomwe mumapita nayo kosindikizitsa mapepala pa msika kapena koikitsa nyimbo, popeza kumeneko ndi komwe mavairasi amafalikira. Muilembe dzina la komiti ndi chaka, ndipo pa nthawi yosinthana maudindo iperekedwe pamodzi ndi chidindo ndi buku la ndalama.

Kumbukiraninso kuti m'makalatawa muli zinsinsi za anthu. Muli mayina a olandira thandizo, manambala a ziphaso za unzika, manambala a foni, ndipo nthawi zina nkhani za matenda kapena za ana amasiye. Dziko lino lili ndi lamulo la 2024 loteteza mauthenga okhudza anthu, ndipo aliyense wosunga zoterezi ali ndi udindo wozisamala. Laputopu ikhale ndi pasiwedi. Ngati mwagwiritsa ntchito kompyuta yobwereka kapena ya pamalo olipira, fafanizani mafayilo onse amene mwakopera, mukhuthulenso "Recycle Bin", ndipo mutuluke mu akaunti yanu musanadzuke pa mpando.

Zonsezi zikatheka ndiye mukhoza kusamuka, komabe adiresi yakale musaitseke msanga. Isiyeni yotsegula kwa miyezi ingapo, ndipo muzilowamo kamodzi pa sabata. Ikani yankho lodzitumiza lokha lodziwitsa aliyense wokulemberani kuti adiresi yasintha. Pa Gmail mukhozanso kulamula kuti makalata obwera kumene azipita okha ku adiresi yatsopano. Kenako ganizirani malo onse amene mudalembetsa adiresi yakale, monga ku banki, ku MRA, pa Facebook, ku sukulu za ukachenjede kumene ana athu amafunsira malo, ndi ku mabungwe amene mumagwira nawo ntchito. Malo amenewa amatumiza uthenga wokonzera pasiwedi ku adiresi imene ali nayo, ndipo ikatsekeka musanaisinthe, mudzapeza kuti zitseko zinanso zatsekeka. Makalata atsopano amene afike m'miyezi imeneyi muwaonjezere mu nkhokwe musanatseke komaliza.

Adiresi yatsopanoyo ikhale m'dzina la komiti, osati la munthu. Nambala ya foni yotsimikizira ikhale ya munthu amene komiti yagwirizana, ndipo akachoka pa udindo isinthidwe tsiku lomwelo. Pasiwedi idziwike kwa anthu awiri a maudindo. Mukatero mulembere khonsolo kalata ya pa pepala, yosainidwa ndi wapampando, yotidziwitsa adiresi yatsopano. Tikufuna kalata ya pa pepala chifukwa akuba a pa intaneti amakonda kutumiza uthenga wonena kuti gulu lasintha adiresi kapena akaunti ya ku banki pofuna kupatutsa ndalama.

Ndikupempha wapampando aliyense kuti msonkhano wotsatira wa ADC usanafike akhale pansi ndi mlembi wake, aone kuti makalata a komiti ali pa adiresi ya yani, ndani ali ndi pasiwedi, ndipo nambala ya foni yolembetsedwa ikugwirabe ntchito kapena ayi. Kumene kulibe laputopu, aphunzitsi, alangizi ndi achinyamata odziwa makompyuta alipo pakati pathu, ndipo ku ofesi ya khonsolo tidzakuthandizani mukabwera ndi fulashi yanu. Safunsa adadya phula. Bwerani mudzafunse adiresi yakale idakali yotsegula, chifukwa ikatsekeka ngakhale ife a khonsolo tilibe mphamvu yoitsegulitsa.