Utsi wa Malole

Inu a ku Matero ndi ku Kanyama muudziwa utsi wakuda wa malole a dizilo pa Lumumba Road. Amai ogulitsa m'mbali mwa mseu aupuma tsiku lonse, ana ali kumbuyo. M'caka ca 2012 akatswiri a World Health Organization anatsimikiza kuti utsi umenewu ubweretsa khansa ya m'mapapu.

Mu 2023 paipi ya TAZAMA inayamba kutenga dizilo wa salufa wocepa kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola. Koma mafuta abwino saciritsa injini yodwala. Adalaivala, utsi wakudawo ndiwo mafuta amene sanapse bwino, ndalama zongotayika. Sinthani sefa ya mpweya, konzetsani mainjekita, lole isanapite kukapimidwa ku RTSA.