Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Chionetsero cha Zakudya za Kwathu ku Domasi

Wapampando wa mwambo uno, Mfumu Yaikulu Malemia pamodzi ndi mafumu onse amene akhala pambali panu, abusa ndi mashehe, aphunzitsi ndi ophunzira a m'chigwa chino, amayi ndi abambo amene mumasunga malo odyera kuyambira pa Songani kufikira ku Malosa, alimi a mpunga, asodzi a ku nyanja ya Chilwa, ndi inu nonse amene mwagoneka makasu lero kuti mudzakhale nafe: ndikuthokoza ndi mtima wanga wonse chifukwa cha ulemu umene mwandichitira. Koposa onse ndikuthokoza amayi awo amene adzuka tambala woyamba kukasonkha moto, kuti ife tione ndi kulawa zimene zayalidwa pamaso pathu.

Akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo popeza mwanditcha mlendo, sikoyenera kuti ndibwerere ndisanakusiyireni kanthu. Chimene ndakutengerani chachokera kutali, ku chigawo cha kumpoto kwa dziko lathu, kumene ambiri a ife timangokumva pa wailesi. Ndifuna ndikuuzeni za malo odyera a kumeneko, amene munthu akadyako kamodzi amawasimba kwa ana ake, kuti tione pamodzi chimene chimawapatsa mbiri yotere, ndi kudzifunsa ngati chinthu chomwecho sichingatheke m'chigwa cha Domasi.

Munthu wochokera kuno akapitirira Kasungu nalowa m'boma la Mzimba, amalandiridwa pa Jenda ndi milu ya tomato, anyezi ndi mbatata ya kachewere. Ndipo akakwera mapiri a Viphya, nadutsa m'nkhalango ya Chikangawa imene nkhungu imaiphimba m'mawa, amafika mu mzinda wa Mzuzu thupi likufuna chakumwa chotentha. Kumeneko alimi a khofi, amene anagwirizana m'bungwe lawo, anatsegula malo otchedwa Mzuzu Coffee Den, kumene mlendo amamwa khofi wolimidwa ndi alimi ang'onoang'ono a m'mapiri a Misuku ku Chitipa, a Phoka ku Rumphi ndi a Viphya. Khofi yemweyo amatumizidwa kutsidya kwa nyanja zamchere. Koma eni ake anaona kuti n'chamanyazi kuti anthu akutali adziwe kukoma kwa mbewu imene mnansi wa mlimi sanailawepo.

Mukatsika kuchoka ku Mzuzu kulowera kum'mawa, mufika ku Nkhata Bay, kwa abale athu Atonga, pa doko limene sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda pa nyanja yathu kuyambira 1951, imakocheza popita ku Likoma ndi ku Chilumba. Alipo malo ogona alendo odziwika, monga Mayoka Village, amene amadyetsa anthu ochokera m'maiko ambiri. Koma ine ndikupemphani kuti mukalowe m'tinyumba todyeramo ta pafupi ndi msika ndi doko, mukaitanitse kondowole. Nsima imeneyi sibadwa tsiku limodzi. Chinangwa chimakumbidwa, chimasendedwa, chimaviikidwa m'madzi masiku angapo kufikira kuwawa kwake kutachoka, chimayanikidwa padzuwa, kenaka chimasinjidwa ndi kusefedwa. Ndipo ufa wake ukalowa m'madzi owira, umagwirana msanga ndi kulimba kotero kuti mayi wovundula amapanira mphika ndi mapazi ake, nagwira mthiko ndi manja onse awiri. Chifukwa cha ichi kondowole saphika wambiri nthawi imodzi, ndipo amene amufuna ayenera kudikira. Koma akadza pa tebulo ali wotentha, pambali pake pali batala, nsomba yonona ya m'madzi akuya, kapena usipa wauwisi ndi chigwada, palibe amene amadandaula za nthawi imene anadikira. Anthu a ku Nkhata Bay sabisa kondowole kukhitchini mlendo akafika; amamuika patsogolo monga ulemu wa nyumba yawo.

Mukabwerera ku msewu waukulu ndi kutsetsereka pa Chiweta, pamene nyanja imaoneka yonse mwadzidzidzi pansi panu, mufika pa Chitimba, pamene pamayambira msewu wokhotakhota wa Gorodi wokwera ku Livingstonia, kumene Dr Robert Laws anasamutsira mishoni yake m'chaka cha 1894. Pafupi ndi mathithi a Manchewe pali malo awiri ochereza alendo, Lukwe ndi Mushroom Farm, amene mbiri yawo inamangidwa pa dimba. Ndiwo zamasamba zimene mlendo amadya masana zimakhala zitathyoledwa m'mawa womwewo pa mtunda woti munthu angaponyepo mwala, ndipo alendo amapirira msewu wovuta uja kuti akadye chimene ife kuno timachiyesa chakudya cha osauka.

Potsiriza pali Karonga, kwa Angonde, dziko la nthochi, ng'ombe ndi mpunga. M'madambo a Hara, Wovwe ndi Lufilya mumalimidwa mpunga, ndipo mpunga wa Kilombero, umene fungo lake limadzaza bwalo lonse mphika usanavundukulidwe, wafika mpaka m'masukulu ndi m'mipingo ya ku Scotland, kumene anthu amaugula pofuna kuthandiza alimi ake. Mukalowa m'nyumba yodyeramo ku Karonga, funsani mbalagha, ndiko kuti nthochi zosapsa zophikidwa pamodzi ndi nyama kufikira msuzi utalowerera, ndipo mukatsirize ndi chambiko, mkaka wowawasa umene eni ng'ombe amaunyadira. Amene wapita kukaona mafupa a chinyama chakale chija chotchedwa Malawisaurus, m'nyumba yosungiramo zakale imene inatsegulidwa mu 2004, akabwerako amasimba za mafupawo pang'ono, koma za mbalagha amasimba kwambiri.

Tsono, amayi ndi abambo, taonani chimene chimamanga malo onsewa mtolo umodzi. Ena ali ndi mipando yofewa, ena mabenchi a matabwa. Ena amadyetsa Azungu, ena asodzi ndi oyendetsa galimoto. Koma onse amaphika chimene nthaka yawo ndi madzi awo zimabala, ndipo amachiphika mopanda manyazi. Mlendo wochokera ku Lilongwe sayenda ulendo wautali kuti akadye tchipisi ndi nkhuku zimene wazisiya pakhomo pake. Amafuna chimene sangachipeze kwina kulikonse, ndipo akachipeza amabweranso, natenga ndi anzake.

Kodi ife a ku Domasi Mulungu anatimana? Iyayi, ndithudi sanatimane. Mtsinje wa Domasi umatsika m'mapiri awa chaka chonse, nuthirira minda ya mpunga kumunsi usanafike ku Chilwa. Nyanja ya Chilwa imatipatsa matemba, milamba ndi makumba. Pano pomwe pali likulu la boma loona za ulimi wa nsomba za m'maiwe, kumene alimi a m'dziko lonse amadza kudzaphunzira kuweta makumba ndi chilunguni. Minda yathu imabala nandolo, mbatata, chinangwa, maungu ndi mtedza. Amayi athu amadziwa kutendera nkhwani, kuphika futali, kukazinga zitumbuwa ndi kufulula thobwa lokoma. Ogula nawo sasowa, pakuti tili ndi ophunzira a pa Domasi College of Education, aphunzitsi amene amadza ku misonkhano pa Malawi Institute of Education, odwazika matenda ku chipatala cha St Luke's ku Malosa, ndi apaulendo osawerengeka amene amadutsa pa msewu wa Zomba kupita ku Liwonde ndi Mangochi. Chondimvetsa chisoni n'chakuti ambiri a iwowa amadutsa osaima, ndipo amene aima kawirikawiri amapeza chiwaya cha tchipisi ndi zakumwa za m'mabotolo, pamene mpunga wathu ndi nandolo wathu zikupita kukalemeretsa anthu ena.

Ntchito imene ndikukuitaniraniyi si yachilendo m'chigwa chino. Amishoni a ku Scotland anakhazikika pa Domasi m'chaka cha 1884, ndipo pamene sukulu ya Jeanes inatsegulidwa kuno mu 1929, aphunzitsi ankabwera pamodzi ndi akazi awo, amene ankaphunzira ukhondo wa pakhomo, kaphikidwe ndi kaleredwe ka ana, kuti akabwerera kwawo akaphunzitse midzi yonse. Domasi anaphunzitsa dziko lino kusamala khomo makolo athu asanaone galimoto zambiri pa msewu uwu. N'koyenera kuti zidzukulu za m'chigwa chomwechi zikhale patsogolo pa kuchereza alendo.

Komabe ndiyenera kuchenjeza, pakuti mbiri ya nyumba yodyeramo imamangidwa zaka zambiri, koma imagwa tsiku limodzi. Tonse tikukumbuka mliri wa kolera umene unayambira kwa anansi athu ku Machinga mu 2022, nufalikira dziko lonse, nutenga miyoyo yoposa 1,700. Madzi osamba m'manja akhale oyenderera, osati a m'beseni limodzi losambamo anthu onse. Chakudya chikhale chovundikira, chimbudzi chikhale chaukhondo, ndipo nsima ya dzulo isaperekedwe kwa mlendo wa lero. Popeza m'chigwa chino Akhristu ndi Asilamu timakhala khomo ndi khomo, nyama izingidwe mwa njira yoti aliyense adye ndi mtima woyera. Tikumbukenso kuti nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo inatsala pang'ono kutheratu mu 2018. Choncho amene afuna kuti mphika wake usasowe nsomba agwirizane ndi alimi a maiwe, ndipo amene afuna kuti mtsinje wa Domasi usaphwe aleke kudalira makala ochokera m'phiri la Malosa, nagwiritse ntchito mbaula zosatha nkhuni.

Mabuku opatulika amene Akhristu ndi Asilamu amawalemekeza amasimba za kholo lathu Abrahamu, amene anaona alendo osawadziwa, nawathamangira, nawakonzera mwana wa ng'ombe wa m'khola lake lomwe, ndipo dalitso la nyumba yake linadzera mwa alendo amenewo. Makolo athu ananenanso kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Nthawi imene ali pakhomo panu ndi yochepa, ndipo chimene adzanena za Domasi ku Blantyre kapena ku Mzuzu chidzachokera pa moni umene munampatsa ndi pa mbale imene munamuikira.

Chifukwa chake ndikupempha mafumu athu kuti apereke malo abwino m'mphepete mwa msewu kwa amayi ofuna kuyamba ntchito imeneyi. Ndikupempha alimi ndi asodzi kuti agulitse zokolola zawo zabwino kwa ophika a kwawo asanaganize za amalonda akutali. Ndikupempha aphunzitsi ndi ophunzira kuti akalowa m'nyumba yodyeramo aitanitse mpunga wa Domasi ndi makumba, nandolo ndi thobwa. Ndipo inu eni malo odyera, amene mungathe, sonkhani ndalama mutumize awiri kapena atatu a inu ku Nkhata Bay ndi ku Karonga, akadye, akafunse, akaone ndi maso awo, nadzafotokozere anzawo.

Ndi mawu amenewa, Wapampando, Mfumu Yaikulu, amayi ndi abambo, ndili wokondwa kulengeza kuti chionetsero cha zakudya za kwathu chatsegulidwa. Mulungu adalitse manja amene aphika, adalitse chigwa cha Domasi, ndipo adalitse dziko lathu la Malawi.