Asilikali Achilendo M'thupi la Mwana

Lero ndikambe za ana odwala khansa ya m'magazi amene amaikidwa mafuta a m'mafupa a munthu wina. M'mafutamo ndi momwe mumapangidwa magazi. Chithandizochi chimapezeka kutali, monga ku Cape Town ndi ku Johannesburg, koma mwana akabwerako, omusamala ndife. Njirayi ndi yodalirika: dokotala E. Donnall Thomas wa ku America analandira nayo mphoto ya Nobel mu 1990.

Madokotala amayamba apha mafuta odwalawo ndi mankhwala amphamvu, kenaka nkulowetsa atsopano mumtsempha, ngati mmene amaikira magazi. Kawirikawiri wopereka amakhala m'bale wake wa bere limodzi, ngakhale mwayi woti m'bale agwirizane naye ndi umodzi pa 4 basi.

Tsono vuto lili apa. Paja timati m'magazi muli asilikali oteteza thupi. Mafuta atsopano amabwera ndi asilikali a woperekayo. Nthawi zina asilikaliwa salizindikira thupi la mwanayo, amaliyesa mdani nkuyamba kulimenya. Madokotala amati GVHD. Imakonda kuyamba m'masiku 100 oyambirira, koma ina imadza patapita miyezi, nkukhalitsa.

Zizindikiro zake zimafanana ndi matenda amene tinawazolowera: zidzolo zofiira m'zikhatho ndi kumapazi, kutsegula m'mimba kwamadzimadzi, kusanza, maso achikasu. Ikakhalitsa, m'maso ndi m'kamwa mumauma, khungu limalimba. Ndiye musathamangire mapiritsi a pamsika. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, makalata ake onse ali m'manja, mukawauze adokotala kuti mwanayu anaikidwa mafuta. Mankhwala ofooketsa asilikali aja, monga ciclosporin, asawasiye adokotala asananene. Poti chitetezo chake n'chochepa, azimwa madzi owiritsa, azigona m'neti, ndipo asayandikire odwala chikuku kapena katsabola.

Chomaliza, ndipo n'chimene chikundikhudza kwambiri. Mwana akayamba kudwala chonchi, pamudzi sipalephera kumveka zoti mkulu wake anam'patsa magazi oipa, mwinanso kuti wam'lodza. Ayi ndithu, abale anga. GVHD imachitika ngakhale pa abale ogwirizana bwinobwino, ndipo sipatsirana. Wopereka uja nayenso ndi mwana. Analolera jakisoni ndi ululu kuti mng'ono wake akhale ndi moyo. Tisam'senzetse mlandu umene alibe. Mukamva wina akulankhula zotere kudimba kapena pamjigo, mukonzeni ndinu.