Mbatata ilowe m'chikwama: nkhani ya kamba wa kusukulu

(Awa ndi mawu amene mmodzi mwa mamembala athu akuluakulu anayankhula pa msonkhano wa kalabu Loweruka lapitali. Tawaika pano kuti amene munajomba nanunso mumve, komanso muwawerengere makolo kunyumba.)

Amene muli kumbuyoko tasenderani pafupi, nkhani ya lero ndi ya m'mimba, pasapezeke wina wodzati sanamve.

Ndiyambe ndi funso kwa inu amene muli pasukulu. Ndi angati amene dzulo munalowa m'kalasi mutaponyako kanthu m'kamwa? Musakweze manja, yankho ndikulidziwa kale. Tiyeni tingowerengera limodzi. Nsima yomaliza munadya cha m'ma 7 koloko usiku. M'mawa mwadzuka, mwatunga madzi, mwasesa, ena mwayamba mwapita kumunda, kenako ulendo wapansi kapena wa panjinga mpaka kusukulu. Mukuweruka 2 koloko masana. Amenewo ndi maola 19 m'mimba muli gwa. Pamene ubongo wokhawu, ngakhale ndi kanthu kochepa, umadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a mphamvu zonse zimene thupi limagwiritsa ntchito. Ndiye mphunzitsi wa masamu akalowa piriyodi ya pambuyo pa buleki n'kupeza theka la kalasi likusinza, amati ana a masiku ano ndi aulesi. Ena ndi aulesidi, tisawaikire kumbuyo. Koma ambiri ndi njala basi.

Ife a ku Kasungu sitifunika munthu wochokera kutali kudzatiuza zimene njala imachita ndi sukulu. William Kamkwamba wa kwa Wimbe uja, amene dziko lonse likumudziwa chifukwa cha makina ake a mphepo, anasiya sukulu ku Kachokolo pa njala ya 2002. Iye anapeza njira ina. Anzake ambiri a nthawi imeneyo sanabwererenso m'kalasi. Chaka chomwecho bungwe la Mary's Meals linayamba kuphikira ana phala m'sukulu za kuno ku Malawi, ndipo lero ana oposa 1 miliyoni amalandira. Ndi ntchito yotamandika. Koma phala limeneli si sukulu iliyonse imene limafika, ndipo ambiri mwa inu a ku sekondale zoyendera mumangolimva. Kamba wanu ayenera kuchokera kunyumba.

Mawu oti kamba amenewa, agogo athu ankatanthauza chakudya chimene munthu amanyamula pa ulendo: mbatata yootcha, chimanga chokazinga, mtedza, thobwa m'chipanda. Lero ukauza mwana wa Sitandade 3 kuti tenga kamba, maganizo ake amathamangira kapaketi ka pa okala. Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Vuto lathu lalikulu, miyezi yambiri pa chaka, si loti kunyumba kulibe chonyamula ayi. Vuto ndi manyazi. Mtsikana wa Fomu 2 amalolera kukhala ndi njala tsiku lonse kusiyana n'kuti anzake amuone akusenda mbatata. Mnyamata amadyera chinangwa chake kuseri kwa kalasi ngati waba. Pamene mnzake wogula jigisi ndi frizesi amadyera pakati pa bwalo, lilime lili psuu ndi utoto, aliyense amuone. Tinafika bwanji pamenepa, eti? Ife alimi, ana a alimi, kumachita manyazi ndi zimene talima tokha?

Sindikunena kuti mandasi ndi tchimo. Nanenso ndimadya, ndipo amayi ogulitsa pageti paja ndi amayi athu omwe, akusaka ya sopo. Koma taonani chimene mumagula. Zofufuma za m'mapaketi zija ndi ufa woyera, mafuta, mchere ndi mpweya. Frizesi ndi madzi, shuga ndi utoto, ndipo madziwo simudziwa kuti anatungidwa pati. Zimakoma pakamwa, zimakupatsa mphamvu ya kanthawi, ikamakwana 12 koloko njala ija yabweranso ndi abale ake. Tsono tiyerekeze kuti mumapatsidwa K500 yodyera tsiku lililonse. Pa sabata ndi K2,500, pa mwezi K10,000. Makolo amene muli pano, ndalama imeneyo mukaigulira mtedza kapena soya nthawi yokolola, mwana angadye masiku angati?

A zaumoyo amatiphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Palibe amene angalongedze magulu onsewo m'kakontena ka kusukulu, tisanamizane. Ine ndimati gwirani zitatu zokha: chokhutitsa, chomanga thupi, ndi chipatso cha nyengo imeneyo. Mbatata yophika, mtedza wokazinga wodzaza dzanja, ndi gwafa. Chinangwa chozizira ngati Manyokola, chiponde pang'ono, ndi nthochi. Dzira lowiritsa tsiku limene nkhuku zakomera mtima. Chigumu ndi kabotolo ka thobwa. Masamba mukawapeza kunyumba pa nsima ya madzulo.

Pa mbatata ndiimepo pang'ono. Ngati mungathe, pezani mbewu ya mbatata yofiira mkati ija. Mayina ake mumawadziwa: Zondeni, Kadyaubwerere, Chipika, Kaphulira, Mathuthu, Anaakwanire. Mtundu wa olenji umene uli mkatimo ndi umene thupi limasandutsa vitamini A, wothandiza maso ndi chitetezo cha m'thupi. Mbatata yoyera imakhutitsa bwino, koma vitamini ameneyu ilibe kwenikweni. Vitamini A amalowa bwino m'thupi pakakhala kamafuta, n'chifukwa chake futali, mbatata yotendera nsinjiro, ndi chakudya chanzeru kwambiri chimene amayi athu anatulukira kalekale popanda wowaphunzitsa. Alangizi a zaulimi a kudera kwanu angakuuzeni kumene mbewuyi ikupezeka, ndipo mizere iwiri itatu m'mphepete mwa munda wa fodya kapena kudimba ndi yokwana kuyambira.

Nanga soya? Kasungu yadzaza soya masiku ano, koma timalima ngati fodya, mbewu yongogulitsa. Mavenda akafika ndi masikelo awo, timakokolola yense. Chonsecho mu soya, gawo loposa limodzi mwa magawo atatu ndi chakudya chomanga thupi, kuposa mtedza, kuposa nyemba. Ambiri amati soya amanunkha, ena amati amatupitsa mimba. Ndi kakonzedwe. Soya sadyedwa wosapsa, ndipo safuna kunyowetsedwa ndi madzi ozizira, ndi pamene fungo lija limadzuka. Mupepete, musankhe, muwiritse madzi kaye, ndiye muziponyamo soya pang'onopang'ono madzi ali chiwirire. Awire mphindi 30. Mukatsanula, muyanike padzuwa mpaka aume. Akauma mukhoza kukazinga ndi kamchere, n'kumatafuna ngati mtedza, kapena kupita naye kuchigayo. Makapu 4 a mgaiwa, kapu imodzi ya ufa wa soya: limenelo ndiye likuni phala limene timalimva kuchipatala lija, dzina lake linachokera ku Likuni ku Lilongwe. Ufa womwewo ukasakaniza ndi nthochi zakupsa kwambiri, kamchere ndi kasoda, n'kuika mumpoto, makala pansi makala pamwamba, watulutsa chigumu chodya ana atatu masiku awiri. Ndipo ndinene mgaiwa, osati ufa woyera. Pokonola ndi kuviika paja, zabwino zambiri za chimanga zimapita ndi gaga kukanenepetsa nkhumba.

Tsopano wina anena kuti, achimwene, zonsezi n'zabwino mu Meyi, nanga mu Febuluwale? Funso lenileni ndi limeneli. Kalendala ya sukulu ndi kalendala ya fodya sizigwirizana. Msika wa ku Chinkhoma umatsegulidwa cha mu Epulo, ndalama zimaoneka teremu yachitatu, nthawi imene mbatata, mtedza, maungu ndi nzimbe zili mbwee ngakhale kwa wopanda ndalama. Teremu yoyamba timapulumukira mango ndi masuku, ndi inswa mvula ikagwa. Koma teremu yachiwiri, Januwale mpaka Malichi, nkhokwe yapepuka, ndalama yonse inalowa ku feteleza, fodya ali m'munda kapena m'chigafa, ndipo sadyedwa. Ndi nthawi imene ana amajomba kwambiri, ndi nthawi yomweyo imene a Sitandade 8, a Fomu 2 ndi a Fomu 4 akumalizitsa silabasi.

Kamba wa Febuluwale amakonzedwa mu Juni. Tiyeni tiwerengenso. Mtedza wosenda wodzaza dzanja limodzi ndi pafupifupi magalamu 30. Teremu ili ndi masiku a sukulu 60 kapena 65. Ndiye kuti makilogalamu 2 okha akwanira mwana mmodzi teremu yonse. Makilogalamu awiri! Pakhomo pa ana anayi, makilogalamu 8. Pempho langa kwa abambo ndi amayi ndi lakuti musanaitane venda, patulani kathumba kamodzi ka mtedza wosaswa ndi ndowa ya soya, munene kuti ichi ndi cha ana a sukulu, chisakhudzidwe ngakhale kubwere alendo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Ndalama ya mtedza imene mwagulitsa mu Juni, pofika Ogasiti yauluka, koma kathumba kaja kadzakhalapo. Mbatata isungeni m'nkhuti, ina muidule makaka muyanike. Mango amene amangowolera pansi mu Disembala, kuwalenga mopyapyala n'kuyanika pa thandala loyera masiku a dzuwa, amasungika. Malambe mukawapeza pamsika gulani, sawonongeka msanga, ndipo ali ndi vitamini C wambiri. Atsikana, ichi chikukhudzani kwambiri: mumataya magazi mwezi ndi mwezi, ndipo chipatso chowawasa ngati malambe, gwafa kapena lalanje chimathandiza thupi kutenga ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba. Tiyi amachita zosiyana, amatsekereza. Choncho chizungulire cha m'kalasi chija musamangoti ndi dzuwa.

Pali zinthu zingapo za kwathu kuno zimene zingasandutse kamba kukhala poizoni, ndipo izi mumvetsere bwino. Choyamba ndi chuku. Timakonda kuwaza madzi mtedza kuti usavute kuswa, kenako wabwino timagulitsa, wonyala ndi wakuda uja timati ana akazinge. Mu mtedza wa chuku mumakhala poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi pang'onopang'ono ndi kupinimbiritsa ana, ndipo kukazinga sikumuchotsa. Njere yowawa lavulani. Yobooka, yonyala, yosintha mtundu, tayani. Mwana adye mtedza womwe mukadagulitsa uja. Mbewu yogula yopakidwa mankhwala ofiira kapena obiriwira, kaya ndi chimanga kaya soya, yotsala pobzala si yokazinga.

Chachiwiri ndi mabotolo. M'nyumba zathu za alimi a fodya simusowa tizigubu ta mankhwala a ku nazale ndi opopera m'munda. Timaoneka tolimba, totsekeka bwino, toyenera thobwa. Ayi ndithu. Ngakhale mutatsuka kakhumi ndi sopo, musaikemo madzi, thobwa, mchere kapena chilichonse cholowa m'kamwa. Pezani botolo limene munali chakumwa, mulitsuke tsiku lililonse. Ndipo thobwa likhale la dzulo, osati la masiku anayi, tingadzamve kuti membala wa kalabu ino wayamba kuyankha mafunso amene aphunzitsi sanafunse.

Chachitatu ndi manja. Ambiri mumathandiza kuthyola ndi kusoka fodya, ngakhale kuti ntchito imeneyi si yoyenera ana. Tsamba lonyowa ndi mame limatulutsa chikonga chimene chimalowa pakhungu, munthu n'kumamva mutu, nseru ndi chizungulire ngati wasuta. Phula lakuda lija likakhala m'manja, musagwire chakudya musanasambe ndi sopo. Za kolera simunaiwale: mliri wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa. Nyamulani madzi anuanu a pa mjigo kapena othira klorini. Chakudya chamsuzi, monga nyemba kapena mpunga wa dzulo, m'chikwama chotentha cha mu Okutobala sichifika masana chili bwino. Zouma ndi zosasenda ndizo zimayenda ulendo: mbatata ndi khungu lake, dzira ndi chikamba chake, nthochi, mtedza, chigumu. Mkute ngati ulipo, utenthetseni bwinobwino mudye musananyamuke.

Anyamata, ndakuonani mukuyang'ana alongo anu ngati nkhaniyi ndi yawo. Amayi amadzuka 4 koloko nyengo ya fodya, sangawonjezerenso ntchito ina. Mbatata ya mawa imaikidwa pamoto usiku, nsima ikangophulidwa, makala akadali amoyo. Sizifuna satifiketi. Mnyamata woti amatha kumanga chigafa sangalephere kukazinga mtedza Lamlungu madzulo wokwana sabata yonse.

Manyazi aja munthu mmodzi sangawathetse, koma anthu khumi akhoza. Tikakhala pamodzi pa buleki, pansi pa mtengo woonekera, aliyense n'kutulutsa chimene wanyamula, woseka adzasowa poyambira. Ndiponso m'kalasi iliyonse muli mnzathu, mwina wochokera ku esiteti, mwina wokhala ndi agogo, amene alibiretu chonyamula. Pagulu potero amadya nawo popanda kupempha, popanda wina kumuloza chala.

Ndiye a komiti tagwirizana kuti tiyambe Lachitatu likubwerali, sukulu iliyonse imene muli mamembala athu. Loweruka tidzakumana pano 9 koloko m'mawa kuphunzira kukonza soya ndi kuphika chigumu. Aliyense abwere ndi kapu imodzi ya soya kapena ya mgaiwa, amene muli ndi nthochi zakupsa mutenge. Tikusowabe mapoto awiri akuluakulu, chiwaya ndi nkhuni. Amene mungabwereke, muonane ndi a sekilitale tisanabalalike, kapena mulembe pa gulu lathu la WhatsApp pofika Lachinayi.