Yotham Muleya ndi Mphamvu ya Kudekha

Mau olankhulidwa kwa aphunzitsi a masukulu a m'midzi osonkhana ku Highridge, mu Kabwe



Mzinda uno wa Kabwe, kale dzina lace linali Broken Hill. Masiku amenewo, m'mizinda ya m'mbali mwa njanji, munthu wakuda akafuna kugula nyama kapena nsalu m'sitolo ya Azungu, kawirikawiri anali kuima panja ndi kulandira katundu wace pa zenera. Tsankho lomwelo linalowa ndi m'masewera omwe. Nkhani ya lero ndi ya mnyamata mmodzi amene anakumana nalo tsankholo maso ndi maso, nalipambana popanda kutukwana munthu.

Yotham Muleya anabadwira ku Mudukula, m'dera la Choma, kumwera kwa dziko lino. Atakula anapita ku Lusaka kukaphunzira nchito yokonza magalimoto pa sukulu ya Hodgson, ndipo kumeneko liwiro lace linadziwika. M'caka ca 1958 kunakonzedwa mpikisano wa mailosi atatu ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare. Mlendo wamkuru pa mpikisanowo anali Gordon Pirie wa ku England, amene m'caka ca 1956 anaposa anthu onse a pa dziko lapansi pa liwiro la mamita 5,000, nakhalanso waciwiri pa masewera a Olympic ku Melbourne.

Dzina la Muleya litamveka, mmodzi wa akuluakulu oyang'anira masewera ku Southern Rhodesia, William DuBois, anakana poyera kuti munthu wakuda athamange pamodzi ndi Azungu, ndipo anamunena mnyamatayo ndi mau onyoza amene sayenera kubwerezedwa pamaso pa aphunzitsi. Anthu ambiri, Azungu ena omwe, anaipidwa nao mauwo, kotero kuti bungwe la masewera linamlola Muleya kulowa.

Tsiku linafika, la 6 Disembala 1958. Muleya, mnyamata wosafika zaka 20, anaima pa mzere wopanda nsapato. Sanayankhe womnyoza uja, sanacite makani ndi munthu. Anathamanga liwiro lace, namsiya Pirie m'mbuyo ngati mayadi 100, natsiriza mailosi atatuwo pa mphindi zosakwana 15. Amene anati wakuda sayenera kuthamanga ndi Mzungu anasowa conena.

Zonga zimenezi zinacitikanso ku America zaka 11 m'mbuyo mwace. Kumeneko kuli masewera a baseball, omenya kampira kolimba ndi cibonga, ndipo kwa zaka zoposa 50 anthu akuda sanaloledwe m'magulu akuluakulu a masewerawo. Pa 15 Epulo 1947 Jackie Robinson anayamba kusewera m'gulu la Brooklyn Dodgers. Mkuru wa gululo, Branch Rickey, anayamba wapangana naye kuti asabwezere cipongwe ciri conse. Anamtukwana m'mabwalo, anamlembera makalata omuopseza kuti amupha, mahotela ena anamkaniza malo ogona. Koma iye anasunga pangano. Caka comweco anasankhidwa kukhala wopambana mwa osewera atsopano, ndipo mu 1949 wopambana mwa osewera onse a National League.

Apa mphunzitsi acenjere, pakuti nkhani ziwirizi zikhoza kuphunzitsidwa mokhota. Wina angauze ana kuti phunziro lace ndi lakuti munthu wonyozedwa azingowerama ndi kukhala cete. Si tero ai. Muleya akadakhala wowerama, sakadapita ku Salisbury kumene sanali kumfuna. Robinson naye, zaka zoyamba zija zitapita, analankhula poyera kutsutsa tsankho kufikira imfa yace mu 1972. Wamantha amathawa bwalo. Wodekha amalowa m'bwalo, nagwira mtima wace kuti mkwiyo usamlande mphamvu imene afunika nayo pa nchito. Akuluakulu anati, kuona maso a nkhono n'kudekha. Wodikira nkhonoyo sali m'tulo: maso ace ali pa cimene afuna.

Ndiponso kudekha kokha sikukadakwanira. Muleya akadatsirizira m'mbuyo mwa onse, onyoza akadati, "Taonani, tinanena ife." Cimene cinatseka pakamwa pao ndi miyendo yozolowera mtunda, yokonzeka kale tsikulo lisanafike. Mwana amene aphunzitsidwa kugwira mtima koma osaphunzitsidwa kucita bwino nchito yace, wapatsidwa mpini wopanda khasu.

Tsono nchito ya mphunzitsi wa kumudzi iri pawiri. Poyamba, ayang'ane bwino pa bwalo la sukulu. Mwana wothamanga popanda nsapato, woyenda mailosi angapo m'mawa uli wonse, asayesedwe wacabe; apimidwe liwiro lace, alembedwe dzina, atumizidwe ku mipikisano ya masukulu. Kaciwiri, pamene ana anyozana cifukwa ca mtundu, cilankhulo kapena umphawi wa makolo, mphunzitsi asangoti, "Khalani cete nonse." Adzudzule wonyozayo poyera, ndipo wonyozedwayo amuonetse njira yoyankhira ndi nchito zace, ndi mau oyenera pa nthawi yace.

Muleya sanakhalitse. Mu 1959 anapatsidwa mwai wokaphunzira zamasewera ku Michigan, m'dziko la America, ndipo mu Novembala caka comweco anafa pa ngozi ya galimoto kumeneko. Ku Lusaka kuli mseu ndi sukulu zodziwika ndi dzina lace. Koma mphunzitsi ali yense pobwerera ku sukulu yace akumbukire kuti mnyamata ameneyu anayambira pa bwalo la fumbi la kumudzi, longa lomwe ana ace adzathamangapo sabata la mawa.