Mbiri ya Maiko Ena: Doko la Cobh

 Lero tikamba za tauni yaing'ono ya ku Ireland yochedwa Cobh. Eni ake amachula kuti "Kovu". Aphunzitsi, sonyezani ana cisumbu ca Ireland pa mapu, kumadzulo kwa Britain, ndipo muike cala kum'mwera, pafupi ndi mzinda wa Cork. Pamenepo pali doko lakuya, lobisika ku mphepo. Ife tili ndi doko la Mpulungu pa nyanja ya Tanganyika, koma la Cobh litsegukira ku nyanja yamcere ya Atlantic, njira ya ku America.

Pakati pa 1848 ndi 1950 anthu oposa mamiliyoni 6 anasamuka ku Ireland, ndipo pafupifupi mamiliyoni 2.5 a iwo anakwerera zombo pa doko limeneli. Kodi cinawacotsa kwao n'ciani? Poyamba inali njala. Amphawi a kumeneko anali kudalira mbatatesi monga momwe ife tidalira cimanga. M'caka ca 1845 kunabuka matenda amene anaoletsa mbatatesi zikali m'munda, nabweranso zaka zotsatira. Tirigu ndi ng'ombe zinali kutumizidwabe kunja, pamene olephera kulipira lendi anali kupitikitsidwa pa minda. Anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa ndi njala ndi matenda, ndipo enanso oculuka cimodzimodzi anathawa. Njala ili mkati, mu 1849, Mfumukazi Victoria ya ku Britain inaceza pa taunipo, ndipo olamulira anaipatsa dzina lakuti Queenstown.

Njala itatha, anthu sanaleke kusamuka, cifukwa nchito inali yosowa. Mmodzi wa iwo anali mtsikana dzina lake Annie Moore. Mu December 1891 anakwera combo ca Nevada pamodzi ndi alongo ake awiri aang'ono, kulondola makolo awo amene anatsogola kale ku New York. Pa 1 January 1892 iye ndiye anali woyamba kulembedwa pa malo atsopano olandirira alendo a Ellis Island. Cifanizo ca ana atatuwa ciimirira pa doko la Cobh.

Si onse anafika. Pa 11 April 1912 combo cacikulu ca Titanic cinaima pa Queenstown, doko lake lotsiriza, ndipo anthu 123 anakwera. Pa 15 April cinamira citagunda phiri la madzi oundana, ndipo mwa 123 aja anapulumuka 44 okha.

Dokoli linalinso cimake ca zombo za nkhondo za Britain. Pa 7 May 1915, m'Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, combo ca Germany coyenda pansi pa madzi cinamiza Lusitania pafupi ndi gombe, ndipo anthu pafupifupi 1,200 anafa. Opulumuka ndi mitembo anabwera nawo ku Queenstown, ndipo ambiri anaikidwa m'manda a pomwepo. Mu May 1917 zombo za nkhondo za America zinafika kudzathandiza kulonda njira ya panyanja. Dzina lakale linabwezedwa mu 1920, koma asilikali a Britain anakhalabe m'malinga a dokolo kufikira 1938. Tsopano likulu la asilikali a panyanja a Ireland lili pa kacisumbu ka Haulbowline, moyang'anana ndi tauniyo.

Ana inu, munthu sasiya kwao cabe. Cimamcotsa ndi njala kapena kusowa kwa nchito. Ndiponso mudzi wodalira mbeu imodzi yokha uli pa ngozi. Mukafika kunyumba, mukafunse agogo anu za abale amene anapita ku migodi ya ku Kitwe, Wankie kapena Joni: cinawacotsa n'ciani, ndipo ndi angati anabwerera? Aphunzitsi, thandizani ana kulemba mayankhowo, ndi kuwerenga mitundu ya mbeu zolimidwa m'mudzi mwao. Tsalani bwino.